Sir John Fastolf: chishango chake, Garter yake ndi nkhani yoti anathawa nkhondo (Mafunso ndi mayankho)

Anthu amene anaphunzirako masewero a Shakespeare amamudziwa Falstaff, mkulu wachimimba uja wokonda mowa, wabodza komanso wamantha. Koma ambiri sadziwa kuti kumbuyo kwa dzinalo kuli munthu weniweni amene anakhalako ku England zaka pafupifupi 600 zapitazo, ndipo mpaka lero anthu a mbiri yakale sanamalize kukangana za iye. Mafunso amene amabwerabwera ndi awa.

Kodi Fastolf ameneyu anali ndani?

Anabadwa mu 1380 ku Caister, kamudzi ka ku Norfolk pafupi ndi doko la Great Yarmouth, kum'mawa kwa England. Banja lake silinali lachifumu ayi, anali anthu a minda ndi malonda apadoko, opezako bwino basi. Chimene chinamukweza ndi zinthu ziwiri, ukwati ndi nkhondo. Mu 1409 anakwatira Millicent Tiptoft, mayi wamasiye wa Sir Stephen Scrope, amene anali wamkulu kwa iye ndi zaka zoposa 10 koma anali ndi minda yambiri kuphatikizapo Castle Combe ku Wiltshire. Kenaka analowa nkhondo ija ya pakati pa England ndi France imene amaitchula kuti ya zaka 100 ngakhale ukawerenga bwino inatenga zaka 116, kuyambira 1337 mpaka 1453. Anali nawo pozinga Harfleur mu 1415, anayang'anirako linga la Bastille ku Paris, anakhala mkulu wa panyumba pa Duke wa Bedford amene ankalamulira France ya Angerezi m'malo mwa mfumu Henry VI idakali khanda, anamenya nawo ku Verneuil mu 1424 komwe Duke wa Alençon anagwidwa. Anasiya zankhondo cha m'ma 1440 ndipo anamwalira pa 5 November 1459 ali ndi zaka 78.

Mawu oti knight amatanthauza chani?

Msilikali wapakavalo wovala zachitsulo amene mfumu kapena mkulu wina wankhondo wamupatsa ulemu, ndiye dzina lake limayamba ndi Sir. Si udindo wobadwa nawo, umachita kupatsidwa, ndipo unkafuna ndalama chifukwa kavalo, zovala zachitsulo ndi anyamata okutsatira zonse zinali pathumba lako.

Chishango chake chinali chojambulidwa bwanji?

Tayerekezani chishango chogawidwa panayi ngati mwalemba mtanda pakati. Mukachiyang'ana, kona yakumanzere m'mwamba ndi yagolide, yakumanja m'mwamba ndi yabuluu, pansi zasinthana, kumanzere buluu kumanja golide. Ndiye pali chilamba chofiira chopendekera chochokera m'mwamba kumanzere kutsika mpaka pansi kumanja, ndipo pa chilambacho pali timitanda titatu, koma si timitanda wamba, dzanja lililonse la kamtandako lili ndi kamtanda kakenso kunsonga. Achibale ake ena a ku Suffolk anali ndi chishango chomwecho koma m'malo mwa timitanda ankaikapo zigoba zitatu za nkhono zam'nyanja, ndi mmene ankasiyanitsira nthambi za banja limodzi, mfunda umodzi koma aliyense ndi khomo lake.

Chinthu chimodzi chosokoneza, akatswiri a zimenezi akamati kumanja amatanthauza kumanja kwa munthu wanyamula chishangoyo osati kwa iwe woyang'ana, nde ukamawerenga mabuku awo zonse zimaoneka zotembenuka. Alinso ndi chilankhulo chawochawo chochokera ku Chifalansa chakale, golide amati or, siliva argent, zofiira gules, buluu azure, zakuda sable, zobiriwira vert. Lamulo lalikulu ndi loti golide ndi siliva ndi zitsulo, zinazo ndi mitundu, ndipo suika chitsulo pa chitsulo kapena mtundu pa mtundu, cholinga nchoti zizioneka patali. Cha Fastolf chikutsata bwino lamuloli, chilamba chofiira chija chikudutsa kwambiri pa makona agolide.

Analinso ndi mawu ake a Chifalansa, Me fault faire, tiziti ndiyenera kuchita basi. Amapezeka m'buku lolembedwa pamanja la zithunzi zokongola limene anamupangira mu 1450, pano likusungidwa ku laibulale ya Bodleian ku Oxford.

Ndipo ngati mukuona ngati izi ndi zakutali kwambiri, tulutsani pasipoti. Chizindikiro cha dziko la Malawi cha mu 1964 chija, mkango ndi kambuku zagwira chishango, nkhwazi pamwamba, phiri la Mulanje pansi, mizere ya madzi, dzuwa lagolide pa malo akuda, mkango wagolide pa malo ofiira, chinakonzedwa potsata malamulo omwewa a Angerezi. Onani bwino, golide pa zakuda, golide pa zofiira, palibe pamene aphwanya.

Si zokongoletsa chabe zimenezi? Bwanji ankalimbana nazo chonchi?

Zimayamba ndi nkhani yosavuta, munthu akatseka chisoti chachitsulo nkhope sioneka, ndiye pamafunika china chomudziwira ngati jezi ya timu. Koma pofika nthawi ya Fastolf zinali zitapitirira pamenepo, chishango chinali siginecha yako pa chidindo cha makalata, chinali pa zenera la tchalitchi, pa mbale zasiliva, pa manda, chinkanena kuti ndiwe mwana wa ndani ndipo unakwatira kwa ndani. Pankhondo chinali ngati inshuwalansi, adani akaona chishango chodziwika sakupha amakugwira kuti abale ako alipire dipo, pamene mnyamata wa uta wopanda chizindikiro amangomubaya.

Kuti muone kuti sizinali zamasewera, mu 1385 Sir Richard Scrope ali pa ulendo wankhondo wopita ku Scotland anapeza Sir Robert Grosvenor atanyamula chishango chofanana ndendende ndi chake, buluu ndi chilamba chagolide. Nkhani inapita ku khoti la asilikali olemekezeka, mboni mazanamazana zinaitanidwa, ngakhale mlakatuli Geoffrey Chaucer anaperekera umboni mu 1386, mlandu unatha mu 1390 mfumu Richard II atagamula kuti ndi cha Scrope. Grosvenor anakatenga mtolo wa tirigu wagolide. Zaka zisanu kukangana mzere umodzi eti. Richard Scrope ameneyu ndi bambo ake a Stephen, mwamuna woyamba wa Millicent uja.

Nanga Garter nchiyani?

Ndi gulu la ulemu wapamwamba kwambiri ku England, anayambitsa Edward III cha m'ma 1348, ndipo kupatula mfumu ndi mwana wake wolowa ufumu mamembala ake sapitirira 24. Chizindikiro chake ndi kalamba kabuluu komanga pansi pa bondo lakumanzere kolembedwa kuti Honi soit qui mal y pense, kutanthauza manyazi amugwire woganiza zoipa pa ichi. Likulu lawo ndi tchalitchi cha St George ku Windsor. Fastolf anamusankha mu 1426, mwana wa ku Yarmouth kukhala mzere umodzi ndi ma duke. Pakati pa milandu imene inkachotsetsa munthu m'gululi panali kuukira mfumu ndi kuthawa pankhondo, sungani chachiwirichi.

Nzoona kuti anapambana nkhondo ya nsomba?

Zoona, ndipo dzina lake ndi lomwelo, nkhondo ya ma herring, mtundu wa nsomba zam'nyanja. Pa 12 February 1429 Angerezi anali atazinga Orléans, Lenti ikuyandikira ndipo asilikali saloledwa kudya nyama, nde Fastolf ananyamuka ku Paris ndi ngolo pafupifupi 300 za zida ndi migolo ya nsomba zamchere. Pafupi ndi Rouvray anakumana ndi Afalansa ndi anzawo a ku Scotland ochuluka kuposa iye. Mkuluyu sanathamangire kukamenyana, anazunguliza ngolo zija ngati khola, kunja kwake anakhoma zichiri zosongoka, anyamata a mauta mkati. Afalansa anayamba ndi mizinga ndipo zinkawayendera, migolo ikuphulika nsomba zili mbwee pansi, koma a ku Scotland motsogozedwa ndi John Stewart wa ku Darnley mtima unawapsa, anatsika pamahatchi nkuthamangira khola lija, mizinga inaleka poopa kuwomba anzawo, mivi inawathera pompo ndipo Stewart anafera pomwepo. Nsomba zotsala zinakafika ku Orléans.

Ndimakonda nkhani imeneyi chifukwa ikumuonetsa mmene analili, munthu wowerengera, wa ngolo ndi migolo ndi malisiti, osati wa zodzionetsera.

Ndiye ku Patay kunachitika chani?

Miyezi inayi yokha kuchokera pa nsomba paja zinthu zinali zitatembenuka. Joan of Arc, mtsikana uja amene anatsogolera asilikali a France, anafika, pa 8 May Angerezi anachoka pa Orléans, matauni a m'mbali mwa mtsinje wa Loire anayamba kugwa umodziumodzi, Jargeau, Meung, Beaugency. Fastolf anabweranso ndi gulu lina kuchokera ku Paris nkukumana ndi John Talbot, mkulu wankhondo wolusa amene sankadziwa mawu oti bwerera. Jean de Wavrin, msilikali wa ku Burgundy amene anali m'gulu la Fastolf tsikulo ndipo anadzalemba mbiri yake, akuti Fastolf analangiza kuti anyamata ataya mtima, tisamenyane pano, tilowe m'malinga tidikire thandizo. Talbot anakana.

Pa 18 June akubwerera cha kumpoto, Talbot anaika anthu ake a mauta pamseu pakati pa mipanda ya zitsamba kuti abisalire adani, koma zichiri asanamalize kukhoma gwape wamkulu wanyanga anadumphira pakati pawo, anyamata nkukuwa ngati ali kosaka, azondi a Afalansa anamva. La Hire ndi Xaintrailles, akuluakulu ankhondo a Afalansa, anangowagwera ndi mahatchi asanakonzeke. Sinali nkhondo kwenikweni, kunali kupha basi, Angerezi pafupifupi 2,000 anafa, Talbot ndi Lord Scales anagwidwa. Fastolf ndi yekhayo mwa akuluakulu amene anachoka ndi kagulu kake. Wavrin akuti mkuluyu ankafuna kubwerera kuti akafere komweko koma anzake anamukoka. Kumbukirani kuti Wavrin naye anachoka nawo limodzi, ndiye anali ndi chifukwa chokometsera nkhaniyo.

Mwachidule, anathawa kapena sanathawe?

Kuchoka anachoka, palibe amene amatsutsa. Funso ndi loti kuchoka nkhondo itatayika kale ndi mantha kapena nzeru. Kwa ine mlandu wa mantha sukugwira. Munthu amene wakhala pankhondo zaka zoposa khumi, amene miyezi inayi yapitayo anaima nji pa Rouvray adani atamuchulukira, sangasanduke wamantha tsiku limodzi, ndipo iyeyo ndi amene anachenjeza kuti mwamuna mnzako mpachulu, tisalowe chimbulimbuli. Koma malinga ndi maganizo a ma knight a nthawi imeneyo kugwidwa uli ndi lupanga m'manja kunali ulemu, kupulumuka anzako atagwidwa kunali manyazi, ndiye wolakwitsa mapulani anatuluka ngwazi, wolangiza bwino anatuluka wamantha.

Talbot anakhala m'manja mwa Afalansa mpaka 1433 ndipo atatuluka sanamukhululukire. Dzina loipa linamumata moti pa mlandu wina wa ndalama ku khoti lalikulu la Paris, wantchito wake wakale Thomas Overton anamutchula poyera kuti knight wothawa, mawu oipitsitsa amene ukanamunenera munthu wa Garter. Mlandu suwola, mu 1442 patapita zaka 13 a Garter anakhala pansi kumva nkhaniyi ndipo Fastolf anapezeka wosalakwa. Bedford nayenso sanasiye kumukhulupirira, anapitiriza kumupatsa maudindo ndipo pomwalira mu 1435 anamuika pakati pa oyang'anira chuma chake.

Mlembi wa Fastolf, William Worcester, analemba kuti abwana ake ankakonda kusiyanitsa anthu awiri, wolimba mtima wopanda nzeru amene amangothamangira kuti atchuke nkusiya anzake m'mavuto, ndi mwamuna weniweni amene amayamba waganiza za gulu lake. Sanatchule dzina koma tonse tikudziwa amene ankamunena kkk. Ndipo Talbot anathera momwemo, pa 17 July 1453 ku Castillon anathamangira msasa wodzaza mizinga, anafa iye, mwana wake ndi gulu lake, nkhondo yonse ya zaka 116 inathera pamenepo. Mtembo wake unali utawonongeka moti wonyamula zizindikiro zake anachita kupisa chala mkamwa nkumuzindikira ndi dzino lomwe linaguluka, osati ndi chishango.

Anamulandadi Garter?

Wolemba mbiri wa ku Burgundy Enguerrand de Monstrelet ndi amene ananena kuti Bedford anamulanda atangobwera ku Patay, kenaka nkumubwezera atamva mbali yake. Akatswiri ambiri amaona kuti ngati zinachitika kunali kungomuimitsa kaye podikira kufufuza. Olemba mbiri a Chingerezi a zaka za m'ma 1500 anatola mbali yoyamba ija, ndipo Shakespeare m'sewero la Henry VI gawo loyamba anaikoleza moto, akuonetsa Talbot akumuzula kalamba kumwendo pamaso pa mfumu tsiku lolonga ufumu ku Paris. Zokoma kuonera koma sizingatheke, Henry VI anamulonga ku Notre-Dame pa 16 December 1431, nthawi imeneyo Talbot anali adakali mkaidi.

Munthu akachita zamanyazi, chishango chake ankachisintha?

Mabuku akale a zizindikirozi ali ndi mndandanda wa madontho amanyazi, ili la wamantha, ili la wabodza, ili la chidakwa, koma zinali za m'mabuku, ndani angayende atanyamula chikwangwani chonena kuti ndine wamantha? Chimene chinkachitikadi ndi kutembenuza chishango chadodolido, monga anamuchitira Hugh Despenser wamng'ono mu 1326 popita kokamupha, anamuveka malaya a zizindikiro zake zitazondoka. Ku Garter m'zaka zotsatira kunabwera mwambo woti zizindikiro za wochotsedwa amazigwetsa pamwamba pa mpando wake nkuzimenya mateche kutuluka nazo m'tchalitchi mpaka mu dzenje la kunja kwa linga. Za Fastolf sizinamenyedwe teche, anafa ali wa Garter.

Falstaff ndi Fastolf ndi munthu mmodzi?

Ayi, koma dzina anabwereka. Shakespeare polemba sewero la Henry IV cha m'ma 1596 chidakwa chija anachitcha Sir John Oldcastle, amenenso anali munthu weniweni, mtsogoleri wa ma Lollard amene ankatsutsa tchalitchi cha Roma ndipo anamupachika nkumuwotcha mu 1417. Vuto ndi loti Oldcastle anali Lord Cobham, ndipo a Cobham a nthawi ya Shakespeare anali anthu amphamvu kunyumba yachifumu, komanso Apulotesitanti ankamutenga Oldcastle ngati wofera chikhulupiriro. Anadandaula, dzina linasinthidwa, mpaka kumapeto kwa gawo lachiwiri kuli mawu opepesa onena kuti Oldcastle anafera chikhulupiriro ndipo uyu si iyeyo. Pofuna dzina lina anangotenga la knight amene anamupanga kale wamantha m'sewero lina, kusuntha zilembo pang'ono, basi. Fastolf sanasiye mwana wolowa dzina ndiye panalibe woti akadandaule.

Kufanana kulipo pang'ono, onse ndi Sir John, ndipo Fastolf analidi ndi nyumba ya alendo yotchedwa Boar's Head, ngakhale yake inali ku Southwark pamene ya Falstaff amati inali ku Eastcheap. Koma khalidwe ndi kum'mawa ndi kumadzulo, wam'sewero ndi wangongole, wanthabwala, wokondedwa ndi anthu, weniweniyo anali wobwereketsa ndalama ngakhale kwa mfumu, wouma manja, wa milandu. Wolemba mabuku Thomas Fuller anadandaula kale m'buku lake limene linatuluka mu 1662 kuti sewero lanyoza msilikali wolimba mtima, koma ndani amawerenga Fuller, pamene Falstaff mpaka wopeka nyimbo wa ku Italy Verdi anamupangira opera, sewero loimba, mu 1893.

Ndiye tinene kuti anali munthu wabwino amene anangomunamizira?

Apa mpamene ndimasiyana ndi omuikira kumbuyo. Kumuchotsera mlandu wa mantha sikumusandutsa mngelo. Mu 1435 pa nthawi ya zokambirana za mtendere ku Arras analemba malangizo oti asiye zozinga mizinda chifukwa zimadya ndalama, m'malo mwake atumize magulu awiri azingoyenda kuyambira June mpaka November kuwotcha nyumba, tirigu, minda ya mphesa, mitengo ya zipatso, ziweto zosatheka kutenga aziphe, kuti anthu agonje ndi njala. Analemba mofatsa ngati akupanga bajeti.

Kunyumba nako, mwana wake womupeza, mwana wa Millicent amenenso dzina lake linali Stephen Scrope ngati bambo ake, analemba madandaulo oti bambo womupezayu anamugulitsa ngati nyama, chifukwa anagulitsa ufulu womulera ndi kumusankhira mkazi kwa jaji William Gascoigne pa ma mark 500, ndalama za nthawi imeneyo. Mayi ake atamwalira mu 1446 Fastolf anapitiriza kudya minda ya a Scrope mpaka imfa yake, Stephen nkumakalamba akudikira. Wantchito wake wina Henry Windsor analemba m'kalata kuti mkuluyu wakhala wankhanza ndi wobwezera nthawi zonse, kawirikawiri wopanda chisoni. Ngakhale Worcester amene anamutumikira mokhulupirika zaka zambiri ankadandaula za malipiro. Pa kuukira kwa Jack Cade mu 1450 anthu a Cade anagwira wantchito wa Fastolf John Payn nkumuyendetsa mumsasa akulengeza kuti bwana wake ndi mmodzi mwa oukira dziko akuluakulu amene anachepetsa asilikali ku Normandy ndi Maine, nkhwangwa anali ataitulutsa kale kuti amudule mutu, anapulumuka mwamwayi. Mutu ukakula sulewa nkhonya inde, koma zina mwa nkhonyazi anaziputa yekha.

Kuti tisamunamizire, anthu a ku Castle Combe anadyerapo, chaka ndi chaka ankagula nsalu zofiira ndi zoyera zoposa mapaundi 100 kwa oluka a kumeneko zosokera mayunifolomu a asilikali ake, mudzi unatukuka nazo. Komanso ankakonda mabuku, analipira anthu kumasulira mabuku a Chifalansa kupita m'Chingerezi, mmodzi mwa omasulirawo anali Stephen yemwe uja.

Chuma chake chinapita kuti?

Iyi ndiye nkhani ya chuma chamasiye yoti aliyense aimva. Ndalama za dipo ndi zofunkha ku France ankazitumiza kwawo nkumagula minda, anamanga nyumba ya malinga ku Caister kuyambira 1432, ya njerwa nthawi imene njerwa zinali zachilendo ku England, inadya mapaundi oposa 6,000, ndipo ankati boma lili naye ngongole ya mapaundi pafupifupi 11,000 imene sanailandire. Khumbo lake linali loti ku Caister kukhale ansembe 7 ndi amphawi 7 omupempherera mzimu wake mpaka kalekale.

Fastolf atamwalira, loya wake John Paston, amene mkazi wake Margaret anali wachibale wa Fastolf, ananena kuti kutatsala masiku awiri kuti amwalire mkuluyu anasintha wilo pakamwa ndipo anamusiyira minda yonse ya ku Norfolk ndi Suffolk bola amange malo a ansembe aja. Oyang'anira chuma anzake anati bodza. Milandu inayenda zaka, Paston analowa ndende ya Fleet katatu nkumwalira mu 1466 nkhani isanathe. Mu 1469 Duke wa Norfolk anabwera ndi anthu amene amati anali 3,000 kudzazinga Caister mkati muli anthu pafupifupi 30, anagonja patapita milungu ingapo, ndipo a Paston anadzaitenganso duke atamwalira mu 1476. Zonsezi tikuzidziwa chifukwa banja la Paston linkasunga makalata, oposa 1,000 alipobe. Pamapeto bishopu William Waynflete wa ku Winchester analowererapo kuti athetse mkangano, ndipo gawo lalikulu la zotsala anapititsa ku koleji yake ya Magdalen ku Oxford. Ansembe 7 a ku Caister aja sizinatheke, mapemphero anasamutsira ku Oxford.

Chilipo choti munthu angakaone lero?

Ku Caister nsanja ya njerwa yotalika mamita pafupifupi 27 idakaimabe pambali pa ngalande ya madzi ndi zipupa zogumuka, ndipo pabwalo pake pano pali malo oonetsera magalimoto akale, alendo ambiri amapitira magalimotowo. Anamuika ku St Benet's Abbey m'madambo a Norfolk Broads, pambali pa Millicent, m'chigawo cha tchalitchi chimene anamangitsa ndi ndalama zake. Tchalitchicho chinagwa kalekale, pangotsala timakoma pakati pa udzu pomwe ng'ombe zimadya, ndi geti lakale limene m'zaka za m'ma 1700 anthu anamangamo chigayo cha mphepo.